Adakana Kugunda Pansi

Ntchito yanga pa loji ija ku Senga Bay inali yochapa ndi kusita. Nsalu za pabedi, matawulo, nsalu za patebulo, mayunifolomu a operekera zakudya, zonsezo zinkadutsa m'manja mwangamu, ndipo mpaka lero zala zangazi sizipindika bwino kukazizira. Kochapira kunali kuseri kwenikweni, kumene mlendo safikako pokhapokha atasochera pofuna chimbudzi. Kunali masinki a simenti, zingwe zoyanikira, ndi kabwalo ka mchenga pansi pa mtengo wa mango. Pakabwalo kameneko ndi pamene amuna anga adataya mkono wawo wamanja, ine ndikuona ndi maso angawa, manja ali thovu lokhalokha.

Iwo anali oyendetsa boti la pa loji. Alendo akafuna kupita ku chilumba kukasambira ndi tinsomba, kapena kukaponyera nkhwazi nsomba kuti azizijambula, ankawatenga ndi iwowo. Injini ya botilo inali yokalamba ndi yamakani. Sinkalira ndi kiyi ayi, inkafuna kukokedwa chingwe. Ena onse ankakoka mpaka thukuta kamukamu, iyo n'kumangotsokomola. Amuna anga ankaponda ndi phazi limodzi pathabwa, n'kukoka ndi mkono wamanja, injini n'kulira ngati yamva mantha. Mkono umenewo ndiwo unkatidyetsa ife ndi ana athu, chifukwa ndalama za kochapira zinkathera pa mchere ndi palafini.

Ndisaname, ndidawakondera mkono womwewo. Kwawo ku Khombedza, ali mnyamata, ankagwetsana ndi anzawo kudambo koweta ng'ombe, ndipo ankati msana wawo sudalawepo dothi. Nkhani imeneyi ndidaimva paukwati wathu, ndidaimva pamaliro a amalume awo, ndidaimvanso tsiku lomwe ndidabwera ndi mwana woyamba kuchokera kuchipatala. Idanditopetsa ndithu, koma ndinkasekabe, poti munthu wako akamadzitama umangomuvomera kuti adye akhute. Sankamenya munthu, sankamwa zoiwala kwawo, ndipo ine sadandiikepo dzanja. Vuto lawo linali limodzi lokha, loti mawu oti ndalephera sankatuluka pakamwa pawo.

Zaka zimenezo matipate anali atangobwera, ndipo aliyense anali atapeza pakamwa. M'maminibasi a ku Salima anthu ankanyoza akuluakulu a boma mokweza mawu, kondakitala n'kumathirira ndemanga, pamene m'mbuyomo ukafuna kunena zotero unkayamba wacheuka. Zinkakoma, sindikana. Koma limodzi ndi pakamwa padabweranso akuba olimba mtima, olowa m'maloji ndi zikwanje, ndipo anthu akaberedwa ankangopukusa mutu n'kumati ndiyo demokalase imene tinkaifunayo. Abwana athu atamva kuti loji yoyandikana nafe yaberedwa, adalamula kuti mwamuna aliyense wogwira ntchito pamalopo aphunzire kugwira wakuba ndi manja. Mfuti analibe, ndipo agalu ankati aziopsa alendo.

Adapeza bambo wina wopuma usilikali amene ankakhala chakumtunda kwa msewu. Tonse tinkangowatchula kuti asajeni. Anali aafupi, adazi, oyenda mokoka mwendo pang'ono, ndipo polankhula ankatsitsa mawu moti umachita kutchera khutu. Sadabwere ndi zibakera kapena mateche ouluka ngati za m'mavidiyo a pamsika zija. Zawo zinali zogwirana: kugwetsa munthu, kumukwera pachifuwa, kupana mkono wake pakati pa ntchafu zako n'kuuwongola mpaka chigongono chifike pothera, kapena kumukulunga mkono pakhosi kuchokera kumbuyo. Adapempha matiresi akale oti aziyala pamchenga, ndipo popeza matiresi akale ankasungidwa kwa ine, sukulu yonseyo idakhazikika pamphuno panga. Masana alendo akapita kokapuma, azibambo a ndevu zawo ankagubuduzika pamenepo ngati ana, malaya n'kumang'ambika, ndipo wochapa ndi kusoka malayawo ndinali ine ndemwe.

Tsiku loyamba asajeni sadaphunzitse kugwetsa. Adawakhazika pansi onse, alonda, wophika, operekera zakudya, n'kuyamba ndi kuwaphunzitsa kugonja.

"Mnzako akakupana," adatero, "usadikire kuti umve kuwawa. Gunda. Gunda pansi, gunda mwendo wake, gunda paliponse pamene dzanja lako lafika. Ngati manja onse agwidwa, gunda ndi phazi, kapena kuwa. Ndipo iwe wogwirawe, ukamva kugunda, siya pompo."

Wophika wathu, munthu wa mafunso, adati nanga bwanji osayamba wapirira kaye, mwina n'kupulumuka.

"Chibakera ndiye umachipirira," adayankha asajeni, "chifukwa chikakupeza chatha, watupa basi, mawa uchira. Chigongono sichitero. Mulungu adachipanga chopindikira mbali imodzi yokha. Chikafika pothera, kuchokera pamene wamva kukoka kufika pamene chathyoka palibe mpata woti mwamuna aonetserepo chamuna. Ululu weniweni umabwera zinthu zitaonongeka kale. Pakhosi ndiye poipitsitsa, chifukwa sipawawa n'komwe. Umangoona kunja kukuda, iwe uli m'kati moganiza kuti ndikadali bwino, basi wagona."

Kenaka adakwinya buluku n'kuwaonetsa bondo la mwendo ankaukoka uja. Linali lotupa mbali imodzi, la zipsera za msoko.

"Ili ndinalipereka ndili mnyamata, chifukwa panali anthu oonerera. Anthu aja anapita kwawo kukadya, bondo ndinatsala nalo ndine. Akatswiri amene ndinawaona ine amagunda msanga kuposa ophunzira, chifukwa iwo amadziwa pamene agwidwa. Amagunda, amadzuka, amayambiranso. Wogunda lero ndi amene amabweranso mawa."

Ine pa sinki ndidamva zonse, ndipo zidandilowa. Mwina n'chifukwa choti ife akazi timaphunzira tili aang'ono kuti pali zina zofunika kuzisiya zisanakuthyole. Ndidayang'ana amuna anga. Anali atakhala kumbuyo kwa onse, akutafuna kaudzu, akumwetulira kumwetulira kumene ndinkakudziwa bwino.

Poweruka, tili panjira, ndidawafunsa ngati adawamva asajeni.

"Ndawamva," adatero. "Zachisilikali zimenezo. Kwathu munthu sadzigwetsa yekha, mayi. Amakugwetsa ndi mnzako, anthu n'kuona kuti msana wafika pansi, n'kunena okha kuti wagwa. Koma kuti ine, ndi dzanja langali, ndiziuza dothi kuti ndalephera? Iyayi."

"Nanga ukathyoka mkonowo?"

"Wouthyola wake ndani? Wophika uja?"

Adaseka, nanenso ndidaseka, chifukwa wophikayo anali wamimba ndipo akangogwada ankapuma ngati wakwera phiri.

Masabata oyamba zidayenda monga iwo ankanenera. Palibe amene ankawafika pamkono. Ankangonyamula munthu n'kumuika pamatiresi, basi nkhani yatha, ndipo zonse zija asajeni ankaphunzitsa za kuika phazi apa, chiuno apo, iwo ankaziona ngati za anthu opanda mphamvu. Tsiku lina asajeni adawaitana kuti agwirane nawo iwo eni. Sindidaone bwino chimene chidachitika, ndidangoona amuna anga ali chagada, mkono wawo uli njo pakati pa miyendo ya mdala uja. Asajeni adadikira. Amuna anga adangoluma mano. Asajeni adadikirabe, kenaka adausiya mkonowo okha n'kudzuka.

"Ine ndakusiyani chifukwa ndimadziwa pothera," adawauza. "Anzanuwa sapadziwa."

Mukuganiza kuti amuna anga adatolapo chiyani? Tsiku limenelo adauza aliyense, mpaka ogulitsa ziboliboli pachipata, kuti ngakhale asajeni adachita kuwasiya okha. Ine mumtima ndidangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Asajeni adabwera pa sinki panga m'mawa mwake. Adaima chapatali, chipewa chili m'manja, n'kundipatsa moni. Kenaka adati, "Mayi, muwalankhule amuna anuwa. Ine andimva ngati mphunzitsi, mwina inu akumvani ngati mkazi wawo. Munthu wosagunda sindimayenera kumulola pamatiresi, koma abwana anati onse."

Apa ndiyenera kunena za bambo wina amene ankasamalira maluwa ndi kapinga pa lojipo. Anali wowonda, wa khosi lalitali, wosalankhulalankhula. M'nthawi ya chipani chimodzi anali mmodzi wa anyamata a malaya ofiira oima pachipata cha msika wa Salima kufunsa makhadi a chipani. Tsiku lina, ife tisanakwatirane, amuna anga adaiwala khadi lawo kunyumba. Bambo ameneyu ndi anzake adawagwaditsa pamiyala pachipata pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, n'kuwaombetsa m'manja uku akuimba nyimbo ya chipani, azimayi ogulitsa tomato akuonerera. Zinthu zitasintha, malaya ofiira adasanduka chokolopera, ndipo mwini wake adabwera kudzapempha ntchito yothirira maluwa. Sadapepese, nawonso amuna anga sadaitchulepo nkhaniyo. Ankapatsana moni m'mawa, masana ankapisa m'mbale imodzi. Dziko lonse linali lotero nthawi imeneyo: wokugwaditsa dzulo lero mukukhala naye pa benchi limodzi ku tchalitchi, ndipo palibe wofuna kuyambitsa nkhani.

Tsono wa maluwayu ndi amene adali wophunzira wabwino kuposa onse. Mphamvu analibe, choncho ankamvera. Asajeni akati phazi apa, iye ankaika pomwepo. Pogunda ndiye anali katswiri, ankagunda mnzake asanamugwire n'komwe, moti anzake ankamuseka kuti akuimba ng'oma. Iye ankangodzuka, n'kusasa mchenga, n'kupempha kuti ayambirenso.

Nditawauza amuna anga mawu a asajeni, sadaseke ngati poyamba paja. Anali akusoka ukonde wa mnansi wathu pakhonde, ndipo adausiya kaye.

"Ndinaomba m'manja zaka zonse zija," adatero. "Ndinagwada. Tinakaima pamzere kuvota kuti zimenezo zithe. Lero mukufuna ndiyambenso kuomba pansi?"

"Pamenepa palibe chipani, bambo. Ndi masewera a pamatiresi okodzeredwa ndi ana a azungu."

"Kwa inu ndi masewera."

Pachipata cha msika paja ine padalibe, maondo adachoka khungu anali awo. Ndidadzilimbitsa mtima kuti asajeni amakhalapo nthawi zonse, ndipo akaona zikuipa adzalekanitsa.

Idafika nthawi ya mwera. Nyanja idakalipa, boti lidakokedwera kumtunda, alendo adachepa, ndipo amuna onse pa lojipo adasowa chochita. Palibe choopsa ngati azibambo osowa chochita. Asajeni adapita kumaliro kumudzi kwawo, ndipo pochoka adasiya mawu oti iwo kulibe pasakhale zopanana, azingoyeserera kugwa basi. Tsiku loyamba adamvera. Tsiku lotsatira atsikana okonza m'zipinda adabwera kudzakhala pansi pa mango akutongola mtedza, ndipo kugwa kokha pamaso pa atsikana kudaoneka kochepa. Adayamba kugwetsana. Amuna anga adagwetsa alonda, adagwetsa operekera zakudya, wophika adangokweza manja asanayambe n'komwe. Adatsala wa maluwa, amene anali poteropo akuthirira.

Adamuitana, iye adapukusa mutu n'kupitiriza kuthirira.

"Bwerani, akulu a makhadi," adatero amuna anga. "Kapena mumalimba mukakhala pachipata?"

Aliyense ankaidziwa nkhaniyo, koma aka kanali koyamba kuti ituluke poyera. Atsikana adaleka kutongola. Wa maluwa adaika keni yake pansi, adavula magambutsi n'kuwaika pamodzi bwinobwino, ndipo adabwera pamatiresi.

Sizidatenge nthawi. Amuna anga adamugwira m'chiuno, adamunyamula, adamumenyetsa chagada, iwo n'kugwera pamwamba pake. Atsikana adalulutira. Mwa malamulo a kudambo la ku Khombedza nkhani idathera pomwepo, msana wafika pansi, anthu aona. Amuna anga adatsamira pachifuwa cha mnzawoyo ndi mkono wamanja, uli wowongoka, n'kutembenuza nkhope kuti aone amene akuwaombera m'manja. Anali ataiwala, kapena sadamveko n'komwe, kuti kwa asajeni munthu wogona chagada sanathe. Wa maluwa adagwira dzanja lija ndi manja ake onse, adapotoza chiuno, adaponya mwendo pankhope pawo, ndipo amuna anga adapezeka ali chagada, mkono uli pakati pa ntchafu zowonda zija.

"Gundani, achimwene," adatero wa maluwa, motsitsa mawu.

Dzanja lawo lamanzere linali lomasuka, lili pamatiresi. Ine maso anga onse anali pa dzanja limenelo. Ndidaona likufumbata, kenaka adalikweza m'mwamba n'kulisiya momwemo, kuti pasapezeke munthu wodzanena kuti lidakhudza pansi.

"Gundani, chonde."

"Koka," adatero amuna anga. "Koka! Si unazolowera?"

Wa maluwa adayang'ana uku ndi uku, ndikhulupirira ankafuna asajeni, koma asajeni kunalibe. Iye chimene adaphunzira n'chakuti umagwira mpaka umve kugunda, ndipo moyo wake wonse anali munthu wochita chimene wauzidwa mpaka wina amuuze kuti leka. Ine ndidakuwa kuti gundani inu. Wophika adakuwa kuti msiye. Mawu athu adasakanikirana ndi phokoso la atsikana, ndipo amuna anga, pomva kuti mkazi wawo yemwe akuwauza kuti agonje, adasonkhanitsa mphamvu zonse n'kudzikoka kuti adzuke naye munthuyo ali lende pamkono. Ndi mphamvu zawo zomwe zimene zidamaliza ntchitoyo. Padamveka kulira ngati munthu wathyola nzimbe pabondo.

Wa maluwa adausiya mkono n'kukwawa chafutambuyo, manja ali kumutu, akuti mayo, mayo, ngati wathyoka ndiye. Amuna anga adakhala tsonga. Adayang'ana mkono wawo, umene unali utapindikira kumene mkono supindikira, kenaka adayang'ana anthu onse mmodzimmodzi.

"Mwaona nonse," adatero. "Sindinagunde."

Atatero adasanza pamatiresi pomwepo.

Anthu amayembekeza kuti ndinene kuti ndidalira. Sindidalire. Ndidakwiya, mkwiyo woti ndikadakhala ndi chamuna chawocho ndikadawawonjezera khofi. Ndidaima ndi tawulo lonyowa m'manja ndikuganiza za ana anga, ndipo kwa nthawi ndithu sindidapite pamene iwo anali.

Makani sadathere pamatiresi. Adakana kupita kuchipatala, ati wangobinya. Ndidawathowa ndi madzi otentha, mnansi wina adabwera ndi mankhwala ake otemera, mkono udangotupirabe mpaka khungu lidayamba kunyezimira. Adavomera zala zitachita dzanzi. Tidakwera minibasi ya ku boma, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu ankatseka maso osatulutsa mawu. Kuchipatala adawajambula, adaubweza mkonowo m'malo mwake momwe akadathera, n'kuwaika chikhakha. Adokotala adandiuza ine pambali kuti si fupa lokha, mitsempha yogwira chigongono idaduka, ndipo tidachedwa kubwera. Sadatikalipire, adangonena momwe zinalili.

Chikhakha chitachotsedwa mudatuluka kamkono kowonda, kotuwa, kosawongoka komanso kosapindika mpaka kumapeto. Zala ziwiri zakumapeto sizinkamva kanthu. Iwo ankati ndi nkhani ya masiku, ukhala bwino. Ankanyamula njerwa pakhonde kuti aulimbitse, njerwa n'kumagwa.

Abwana sanali munthu woipa, adawasungira malo mpaka mwera udatha. Nyanja itadekha alendo adabweranso, ndipo m'mawa wina boti lidakankhidwira m'madzi. Ine ndidanamizira kukatenga matawulo a kugombe kuti ndikaone. Azungu anali atakhala kale m'botimo ndi makamera awo. Amuna anga adaponda pathabwa monga kale, adagwira chingwe ndi dzanja lamanja, adakoka. Chingwe chidawapulumuka, iwo adapindika pakati. Adasinthira kumanzere. Adakoka, adakokanso, adakokanso, injini ikungotsokomola. Mzungu wina adayang'ana wotchi yake. Potsiriza mlonda wina adalowa m'madzi n'kudzakoka, ndipo atalimbana nayo idalira. Amuna anga adawapititsa alendowo ku chilumba, koma kumeneko sadaizimitse injini poopa kuti sailizanso, ndipo mafuta adathera panjira pobwerera. Adachita kukokedwa ndi asodzi. Umenewo udali ulendo wawo womaliza.

Adawaika pachipata kuti azitsegulira magalimoto. Munthu wozolowera nyanja adakhala pampando wapulasitiki tsiku lonse, akuyang'ana fumbi. Patapita nthawi loji idagulitsidwa, ndipo mwini wake watsopano atayendera antchito adafunsa kuti mlonda wa mkono umodzi ndi wa chiyani. Ine adandisiya pa sinki panga, iwo adawauza kuti apume.

Sukulu ya pamatiresi idathera tsiku lomwe mkono udathyoka lija. Asajeni atabwera kumaliro adafika kwathu, adakhala pakhonde nthawi yaitali, chipewa chili pabondo. Amuna anga adawauza monyadira kuti sadagunde. Asajeni adangoti, "Ndamva," ndipo atamwa madzi adatsanzika. Wa maluwa sadadikire kuti mwezi uthe. Adangosowa, magambutsi ake adatsala m'shedi, ndipo tidamva kuti adapita ku maesiteti a fodya. Ndidayesetsa kudana naye koma zidandikanika, chifukwa ndidamumva ndi makutu angawa akuchonderera. Akuba nawo adabwera ndithu chaka chotsatira. Adabwera ndi mfuti, adagoneka alonda onse pansi, ndipo palibe amene adapana mkono wa munthu. Zonse zija zidangopita pachabe.

Za moyo umene udatsatira sindinena zambiri, ndi moyo umene anthu ambiri a kunyanja amaudziwa. Asodzi sankawatenga, poti ukonde umakokedwa ndi manja awiri. Khasu linkawagwa. Adayesa kugulitsa usipa wouma, koma analibe mtima wa malonda, wogula akanenerera iwo ankapsa mtima. Mwana wathu woyamba, mtsikana wanzeru amene aphunzitsi ankati adzafika patali, adasiyira sukulu panjira n'kuyamba kundithandiza kuchapa za anthu, ndipo adakwatiwa msanga ndi munthu amene ine sindidamufune. Zimenezi ndimaziwerengera pa masana amodzi aja, ngakhale ena amati ndisamatero.

Kamodzi kokha ndidawafunsa. Ndinali ndikuwadula zikhadabo za kumanzere, poti okha sankatha.

"Bambo, zikadabwereranso, mukadagunda?"



"Kwa wina aliyense, mwina," adatero. "Kwa uja ayi."

Sindidafunsenso. Ndidazindikira kuti akadati inde, ndiye kuti atsala opanda kanthu, mkono wapita, ntchito yapita, ndipo chimene adagula ndi zonsezo n'chopanda pake. Ndidawasiyira kanthu kawo kamodziko. Koma kuwakhululukira ndi nkhani ina, ndipo Mulungu andichitire chifundo, mpaka lero sindinafike pamenepo.

Masiku ano adzukulu anga amaonera pa foni anthu omenyanirana m'khola la mawaya, ndipo wina akapanidwa n'kugunda msanga amamukuwiza kuti ndi wamantha, sanayambe n'kumva kuwawa komwe. Ine ndimawauza kuti ameneyo ndiye ali ndi mkazi ndi ana, ndipo akufuna kudzawanyamula mawa. Amandiseka, ati agogo mukudziwapo chiyani pa zimenezi. Sindiwayankha, chifukwa agogo awo aamuna amakhala ali pakhonde pomwepo.

Mkono uja sudathenso kudzikweza wokha. Akafuna kupereka moni kapena kulandira kanthu, amachita kuunyamula ndi dzanja lamanzere, atagwira pansi pa chigongono, ndipo popeza sufika patali, amawerama pang'ono kuti ufike. Amatero kwa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Lamulungu lina, zaka zingapo chichitikireni ngoziyo, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina mphunzitsi amene anali atangotumizidwa kumene kuchokera ku boma lina adandikokera pambali. Sankadziwa kanthu, ankangofuna kucheza.

"Amayi, muli ndi mwayi," adatero mokweza. "Amuna anu ndi odzichepetsa bwanji! Ndawaona, ngakhale kwa ana a Sande sukulu akupereka moni atagwira mkono, atawerama. Amuna otere adatha masiku ano."

Iwo anali kumbuyo kwanga, ndipo adamva. Tidayenda mpaka kunyumba, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mabuku a nyimbo. Titafika adaima pakhonde, atandifulatira.

"Mayi, tandivulani jeketeli," adatero.

Ndidaika mabuku pansi n'kuwavula, kuyambira mkono wamanzere, monga ndimachitira masiku onse.